Mabotolo Omera Chisoso

Mumsewu mwathu muno, ngakhale mwana wongoyamba kumene kuyankhula ankadziwa kuti Azakhali samwa mowa asanamwetse kaye udzu. Ena akalandira botolo amayamba ndi kupukuta kukamwa kwake ndi malaya, ena amayamba ndi kudandaula za akazi awo. Azakhali ankayamba ndi chitini. Chinali chitini cha penti chodzaza dothi, ndipo m'menemo munkamera chisoso, udzu uja wa timbewu takuda tomata pazovala. Ankachinyamula m'khwapa, kuchikhazika pakauntala, kutsegula botolo, n'kuthira dontho loyamba pamizu.

"Yamba ndiwe, Mboni," ankatero. "Ukafa, ine ndikakunenera."

Mboni linali dzina la chisosocho. Dzina la eni akewo linatayika kalekale. Anali azakhali ake a Make Mapasa, mwini bala yaing'ono ya pakona, koma uzakhali wawo unafalikira msewu wonse, mpaka madala a imvi ankawatchula choncho.

Anali mayi wamfupi, wotakata m'munsi ngati mtsuko, wa mawu oti akaseka pakona, agalu a kumsika ankayankha. Ankavala jombo dzuwa ndi mvula yomwe, ndipo m'thumba la epuloni yawo simunkasowa supuni yopindika yokumbira dothi. Jombozo zinali za kuntchito. Utsikana wawo wonse ndi umayi wawo wonse anathera ku khonsolo, m'gulu la amayi opalira udzu m'mbali mwa misewu. Tsiku lina kapitawo anabwera ndi bambo wobereka thanki kumsana. Bamboyo anangoyenda uku akupopera, ngati akuthirira maluwa, ndipo posakhalitsa udzu wonse unali utapsa. Amayi aja anauzidwa kuti abweze zipangizo, ntchito yatha. Azakhali anabweza khasu, koma jombo anakana.

"Izi ndiye udzavule wekha," anamuuza kapitawo, n'kumutambasulira mwendo. Kapitawoyo anayang'ana mwendowo, anayang'ana nkhope ya eni ake, n'kukumbukira kuti moyo ndi wokoma.

Ndi mmene anadzakhalira ndi Make Mapasa, m'kachipinda ka kuseri kwa bala, pakati pa makireti ndi matsache. Make Mapasa ndi mayi wachete, wosakonda mikangano. Bambo a anawo anapita kutali kukafuna ntchito ndipo chimene amatumiza ndi moni. Chodyetsa ana ake aakazi awiri aja chinali balayo, ndipo choitana anthu m'balamo chinali fuliji. Fulijiyo sinali yake. Inali yobwereka ku kampani ya mowa, yachitseko chagalasi, yong'ung'udza tsiku lonse pakona pake. Kampaniyo inkabweretsa mowa pa lole Lachisanu lililonse, n'kutenga mabotolo opanda kanthu kuti akawatsuke ndi kuthiramonso mowa. Make Mapasa ankaipukuta fulijiyo m'mawa uliwonse asanasambitse ana, ndipo pashelefu ya pansi ankabisapo mkaka wa mapasa. Ankadziwa bwino kuti kotentha ngati kuno, bala yopanda fuliji ndi chipinda chabe chokhala ndi mabenchi.

Za chitini zinayamba masana ena, wailesi ikuyankhula pamwamba pa fulijipo. M'balamo munali makasitomala awiri osajomba: Telala, amene makina ake ankapuma kuposa kusoka, ndi Wometa, amene ankadziwa nkhani zonse za mumsewu chifukwa munthu akakhala pansi pa lumo sabisa kanthu. Wailesi inati akatswiri ayeza mowa wa mitundu ingapo ndipo apezamo timankhwala topha udzu, tochepa kwambiri, tochokera ku mbewu zimene alimi amapopera m'minda. Mowa umene Make Mapasa ankagulitsa unatchulidwa nawo.

Azakhali anali atakweza botolo. Linaima m'malere.

"Abwereze," anatero.

"Wailesi sibwereza, Azakhali," anatero Wometa.

"Akuti mankhwala ati? Omwe aja a m'thanki?"

"Omwewo."

Anatsitsa botolo lija pang'onopang'ono. "Anandichotsa ntchito, ndinakhala chete. Ndinati basi, ndikakhale pa benchi ndizimwa kamowa kanga mwamtendere. Tsopano anditsatira m'botolo?"

"Ndiye musiya kumwa?" anafunsa Make Mapasa, mumtima muli kachiyembekezo.

"Ndisiye ine? Iwe mwana wa achimwene, m'botolo umu anayamba kufika ndani, ine kapena iwowo? Atuluke iwowo!"

M'mawa mwake anabwera ndi chitini. Nzeru yawo inali yachidule: ngati m'mowa muli chopha udzu, udzu womwewo ndiwo unene.

Mboni woyamba sanakhalitse. Anayamba chikasu, anayoyola masamba, kenako anauma gwa. Azakhali anamukulunga m'kansalu koyera n'kuyenda naye msewu wonse, khomo ndi khomo.

"Onani! Wafera pa ntchito!"

Amayi ogulitsa tomato anapepesa. Bambo wina wodutsa, wosadziwa mutu wa nkhani, anavula chipewa. Atabwerera ku bala, Wometa anatenga chitini chija n'kuchikhuthula pansi. Munatuluka zotsalira za ndudu zodzaza manja awiri.

"Wamupha ndi uyu," anatero, akuloza Telala.

"Ine ndinkayesa n'chotayiramo phulusa," anatero Telala, maso ali pansi.

Azakhali sanagwedezeke ngakhale pang'ono. "Mboni kuphedwa si zachilendo. Amapha mboni ndi amene ali ndi mlandu. Iwe Telala, kampani yakupatsa chiyani?"

"Ikanandipatsa kanthu bwenzi ndikumwa muno?"

"Tamvani chipongwe, m'bala ya mwana wanga!"

Mboni wachiwiri anaikidwa kutali ndi Telala, ndipo ameneyu ndiye anakula mochititsa manyazi. Anabiriwira, anatambalala, mpaka anayamba kuphimba wailesi.

"Nanga apa, Azakhali?" anafunsa Wometa. "Mowa uja ukum'nenepetsatu mnzanuyu."

"Waledzera uyu. Unaonapo khoti likumvera mboni yoledzera?"

Motero Mboni akafa, mowa unali ndi mlandu, ndipo akakhala moyo, mlandu unali pomwepo. Wometa anati bola Azakhali sanaphunzire zamalamulo, chifukwa bwenzi msewu wonse uli kundende.

Mbiri itamveka, amayi ena a kutchalitchi anabwera kudzawathokoza. Anaima pakhomo, osalowa, atagwirizira zikwama pachifuwa.

"Tamva kuti mwayamba kulimbana ndi mowa, mayi. Tikukupemphererani."

"Kulimbana nawo? Ine ndikuupulumutsa!" anatero Azakhali. "Lowani, tithandizane."

Amayiwo anabwerera chafutambuyo, mmodzi mpaka anaponda nkhuku.

Koma Azakhali sankafuna kuseketsa anthu basi. Ankafuna yankho. Lachisanu lina anamugwira malaya Dalaivala wa lole ya mowa, bambo wamtali woseka ndi mano onse, amene ankawatchula kuti apongozi ngakhale panalibe ukwati uliwonse.

"Mkamwini, ukawafunse mabwana ako: m'mowamu mankhwala aja alimo ochuluka bwanji, ndipo atuluka liti?"

"Apongozi, ine mabwana ndimangowaona pa kalendala. Chochokera kwa ine chimene chimalowa m'fakitale ndi makireti basi."

"Makireti amalowa mpaka m'kati?"

"M'kati mwenimweni."

"Chabwino," anatero Azakhali.

Make Mapasa atamva chabwino ameneyo, anadziwa kuti kukubwera zina, chifukwa azakhali ake ankawadziwa.

Lachisanu lotsatira Make Mapasa anapita kuseri kukatulutsa makireti, n'kupezako munda. Botolo lililonse linali ndi dothi mpaka pakhosi, ndipo pakamwa pake panali kambande ka chisoso, kozulidwa m'mbali mwa ngalande, kataima njo ngati mwana wasukulu pa mzere.

"Azakhali! Mwachita chiyani?"

"Ndafunsa funso."

Dalaivala anaseka mpaka anakhala pansi, kutsamira tayala. Atapukuta misozi anayamba kukweza makireti aja. "Ine anandilemba ntchito yonyamula mabotolo," anatero. "Zaulimi sanandiuze." Lole inatuluka mumsewu pamwamba pali biriwiri, timasamba tikugwedezeka ngati tikutsanzika.

Anthu anaona. Mwini bala ya kusiteji anatuma akazi ake kudzafunsa kadzalidwe kake. Wa kumsika anabwera yekha. Kuseri kwa bala ya Make Mapasa kunasanduka nazale ya mbande, mabeseni obowoka ndi mapoto akale ali ndandanda. Mbewu Azakhali ankakolola pa anthu. Ukangolowa pakhomo, ankakugwira mwendo.

"Ima kaye, wanyamula mbewu zanga."

Ankatola timbewu tonse tomata pa thalauza, kutiika m'thumba la epuloni, kenako n'kukumasula. Wapositi anakololedwa. Wowerenga mamita a madzi anakololedwa. Abusa podutsa anayesa kuwolokera tsidya lina la msewu, koma nawonso anakololedwa, masokosi omwe.

Posakhalitsa chinakhala chizolowezi cha omwa okha. Munthu ukamaliza botolo lako, supuni ya dothi, kambande, m'kireti. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," ankatero Azakhali. "Omwa ndife. Tikadikira kuti atifunsire ndani?"

Make Mapasa ankaona zonsezi mtima uli m'mwamba. Akamapukuta fuliji m'mawa, ankaipukuta ngati akuipepesa.

Kenako kunabwera bwana wa zamalonda wa kampani. Anali mnyamata waulemu, wovala tayi dzuwa likuswa mtengo, moti asanakhale n'komwe pansi Wometa anali atamupatsa kale dzina loti Tayi. Anapereka moni kwa onse, n'kufotokoza kuti dothi likutseka makina otsukira mabotolo, ndipo mizu ikukola m'mapaipi.

"Mayi," anatero kwa Azakhali, "timankhwala timene munamvato n'tochepa zedi. Kuti munthu adwale nato, afunika kumwa mgolo wathunthu tsiku lililonse."

Onse anatembenuka n'kuyang'ana Telala.

"Mukundiyang'aniranji?" anatero Telala.

"Bwana, uyu watsala pang'ono," anatero Wometa.

Tayi anayesa kudzigwira, koma kuseka kunamutulukira m'mphuno.

"Mwana wanga," anatero Azakhali, "ngati n'tochepa, ndiye kuti n'topepuka kunyamula. Titulutseni. Mukalephera, muziyeza n'kumatiuza poyera kuti tilimo tochuluka bwanji, tizimwa tikudziwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ine ndinaona udzu wofika m'chiuno ukugona chifukwa cha timadzi tosadzaza kapu."

"Zimenezo si za ofesi yanga, mayi."

"Nanga ofesi yako ndi ya chiyani?"

Tayi anangotembenuza mutu n'kuyang'ana fuliji. Kenako anatembenukira kwa Make Mapasa. "Mayi, kireti ina ikangochoka pano ndi udzu, fuliji iyi tidzaitenga." Ananena mofatsa, mopanda mkwiyo, ndipo n'zimene zinamuopsa kwambiri Make Mapasa.

M'mawa mwake anawapeza azakhali ake kuseri akuthirira nazale. Iye anali ndi matewera onyowa paphewa.

"Azakhali, inu muli ndi chitini. Ine ndili ndi ana awiri."

Azakhali anaimika ndowa. Anayang'ana mapasa aja akulimbirana chivindikiro cha poto pakhonde, kenako anapisa m'thumba, kutulutsa supuni yopindika ija, n'kukaiika pashelefu ya matambula.

"Dzanja langa silikhudzanso botolo lako," anatero.

Ndipo sanakhudzedi. Lachisanu m'mamawa Make Mapasa anayendera makireti onse, anapeza mabotolo ali mbee, n'kupita ndi ana kusikelo mtima uli pansi. Pobwerera anakumana ndi lole pakona, pamwamba pali biriwiri. M'balamo anapeza Telala akupukuta sizasi yodzaza dothi, Wometa akutsuka chipeso. Azakhali anali atakhala pa benchi, manja ali pansi pa matako, kuti aliyense aone kuti iwo sanagwire.

"Ife sitinalonjeze kanthu, mlamu," anatero Wometa.

Amuna a kampani anabwera sabata yotsatira. Anazula chingwe, ndipo kung'ung'udza kuja kunangoti zii. Make Mapasa anatulutsa mkaka wa ana n'kuima nawo pakhoma. Amunawo atatulutsa fuliji pakhomo n'kuiika pansi kuti apume, Azakhali anaponda pa kireti, kuchoka apo pa benchi, mwadzidzidzi anali atakhala pamwamba pa fuliji, Mboni ali pamiyendo.

"Tsikani, mayi."

"Munyamule fuliji ndi mafunso ake omwe."

Anawanyengerera, anawaopseza, wina anayesa kuwagwira jombo n'kulandira chidendene. Mapeto ake ananyamula zonse pamodzi, fuliji, Azakhali ndi Mboni, n'kukweza pa lole. Anatuluka mumsewu ngati mkwatibwi, akubayibitsa ogulitsa tomato.

Anabwerako dzuwa litapendeka, wapansi, jombo zili fumbi lokhalokha, koma nkhope ikuwala.

"Ndaona ndi maso angawa!" anakuwa ali pakhomo. "Kuseri kwa fakitale kuli shedi, amayi ali mbwee pamabenchi, akupalira mabotolo! Makina alephera, alemba anthu! Mmodzi ndi mnzanga wa ku khonsolo, wa mpata m'mano uja. Akuti musasiye, ana ake ayambanso kunenepa. Thanki inatichotsa ntchito, botolo latibwezera!"

Anavina pomwepo, chitini chili pamutu. Telala anaseka mpaka kutsamwa. Wometa anaimba m'manja. Make Mapasa yekha sanaseke. Ankayang'ana pakona pamene panali fuliji, pamene simenti inatsala yoderapo kuposa pena ponse, ndipo mkaka m'manja mwake unali utayamba kale kusasa.

Masiku otsatira sanawayankhule azakhali ake. Chakudya ankangowaikira pakhomo. Kampani sikanatha kulanda mafuliji a mabala onse, ndiye inalanda imodzi kuti ena aonerepo, ndipo imodziyo inali yake. Mowa wake unkatentha ngati wochokera pamoto. Makasitomala anayamba kudutsa pakhomo atayang'ana kumbali, ulendo wa ku bala ya kusiteji. Ngakhale Telala ndi Wometa anapezeka kuti ali ndi ntchito yambiri mwadzidzidzi. Make Mapasa ankasesa pansi posesa kale, n'kumaganiza za kumene angapite ndi ana awiri akatseka balayo.

M'mawa wina anadzutsidwa ndi phokoso la chinthu chokhwekhwerezedwa. Anapeza Azakhali akukoka bafa lakale lachitsulo limene anapempha kwa wogula zitsulo. Analikhazika pakona pa fuliji paja, analidzaza mchenga wa pamulu wa omanga nyumba, anathira madzi, anakwirira mabotolo mpaka m'khosi, n'kuphimba ndi ziguduli zonyowa. Mchenga ukayamba kuuma, ankanyamula ndowa ulendo wa kumpopi. Tsiku lonse zinali zomwezo, kupita ndi kubwera, jombo zikulira madzi. Mowa sunazizire ngati wa m'fuliji, koma unasiya kupsereza lilime.

Madzulo ake Make Mapasa anavundukula chiguduli kuti aone. Pakona ya bafa, pamene panali pozizira kuposa ponse, panalibe mowa. Panali botolo la mkaka wa mapasa.

Anapita kuseri, n'kuima pakhomo la kachipinda kaja.

"Mwadya, Azakhali?"

"Ndimadikira undifunse. Chakudya chongoikiridwa pakhomo ngati cha galu sichitsika."

Telala ndi Wometa anabwerera ndi manyazi awo, ndipo pofuna kuwaphimba anabwera ndi anzawo. Ena anabwera kudzangoona fuliji ya mchenga, n'kutsalira. Mabenchi sanadzaze ngati kale, koma anasiya kugona ndi fumbi. Supuni ija inatsika pashelefu. "Poti fuliji anatenga kale," anatero Azakhali, "atenganso chiyani? Mchenga?"

Koma madzi a tsiku ndi tsiku ndi ziguduli zonyowa si ntchito ya munthu wa msinkhu umenewo. Nyengo ya mphepo itafika, anayamba kukhosomola. Anati ndi fumbi. Kenako anati ndi utsi wa Telala. Tsiku limene ndowa inawagwa m'manja pakati pa msewu, Make Mapasa sanawafunsenso maganizo, anangoitana galimoto.

Kuchipatala Azakhali anakangana ndi namwino chifukwa cha jombo, n'kupambana mwendo umodzi. Mboni ndiye anakanizidwa kulowa. Masana ena, pa nthawi yoona odwala, anamukodola Make Mapasa kuti asendere pafupi. Mawu aja oyankhidwa ndi agalu anali atatsala kamphepo chabe.

"Mboni uzimuthirira madzi m'mawa. Mowa kadontho chabe, pamaso pa anthu."

"Madzi? Kodi si mowa unam'nenepetsa uja?"

"Iwe, udzu unayamba wakulapo ndi mowa? Ndinkamuthirira madzi iwe ukusambitsa ana." Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. "Chitini sichidziwa kanthu, mwana wanga. Odziwa ali ku fakitale. Koma nkhalamba yopanda chitini ndani angaicheukire?"

Anapuma pang'ono, n'kumugwira dzanja.

"Za fuliji ija undikhululukire."

"Mkaka sukusasa, Azakhali," anatero.

"Ndiye basi."

Anamwalira tsiku lotsatira, jombo imodzi ili kuphazi. Pamaliro panabwera anthu amene Make Mapasa sanawaonepo: eni mabala a kutali, Dalaivala atavala jekete yomuchepa, ndi gulu la amayi a ku shedi ya fakitale, dothi lidakali m'zikhadabo.

Zitatha izi, mabotolo anayamba kupita oyera. Palibe anagwirizana zosiya, koma munthu ukayang'ana supuni ija pashelefu, dzanja linkalemera. Nazale inayamba kufota. Mabala ena nawonso anatopa.

Ndiye Lachisanu lina lole inaima pakhomo, ndipo kutsogolo kunatsika Tayi. Pamwamba pa makireti panali fuliji, yomangidwa ndi zingwe, galasi lake likung'anima. Tayi anamasula tayi yake pang'ono, n'kupepesa maliro. Anapepesa moona, osati mwa ofesi.

"Mayi aja sindidzawaiwala," anatero. "Koma poti apuma, tiyeni nkhaniyi ipume nayo. Fuliji yanu ili panja. Mungondilonjeza kuti za udzu zatha."

Musaganize kuti Make Mapasa sankaifuna fulijiyo. Msana unkamuwawa ndi ndowa, manja anali atang'ambika ndi mchenga, ndipo nthawi zina ankadzidzimuka akumva kung'ung'udza kwake pomwe kulibe. Anayang'ana panja, anayang'ana ana ake, kenako anayang'ana pakona pamene fulijiyo ikanadzakhala. M'mbali mwa bafa, mumng'alu wa simenti momwe madzi ankadontheza, munali mutamera kachisoso. Palibe anakadzala. Kanangogwa m'thumba la epuloni n'kudzimerera.

"Bwana," anatero, "funso lija mwabwera nalo yankho?"

"Akuluakulu akukambirana, mayi."

"Ndiye fulijiyo ikadikire komwe akukambiranako."

Telala anatsamwa. Wometa anaika botolo pansi. Make Mapasa, mayi amene sanakwezepo mawu ngakhale kwa nkhuku, anapita pashelefu, anatenga supuni yopindika ija, anagwada, anazula kachisoso kaja ndi mizu yake, anatapa dothi m'chitini cha Mboni, n'kudzala m'botolo limene Telala anali atangomaliza. Anatuluka nalo n'kulipereka kwa Dalaivala.

"Ili ndi loyamba. Dikirani, ena akubwera."

"Musafulumire, mlamu," anatero Dalaivala, mano onse ali panja. "Injini yatentha, ifunika ipume."

Tayi anaima kanthawi, anagwedeza mutu, n'kubwerera ku lole. Podutsa m'mbali mwa nazale, thalauza lake lakuda linatola timbewu kuyambira m'mawondo mpaka pansi. Telala anatsegula pakamwa kuti amuuze, koma Wometa anamuponda phazi.

"Musiye. Akadzale ku ofesi."

Fuliji sinabwerere mpaka lero. Mowa wa pakona ndi wofunda pang'ono, ndipo amene amafuna wozizira kwambiri amadziwa njira ya kusiteji. Mabala ena anayambiranso kudzala, moti Lachisanu lole imadutsa ngati dimba loyenda. Wailesi inanena kuti kampani ikuganiza zoyamba kuyeza mbewu isanagule kwa alimi. Wometa akuti kuganiza si kuchita, Telala akuti iye amadziwa bwino zimenezo, ndipo Make Mapasa amangothira madzi pamchenga n'kunena kuti tidzamva. Mboni ali pakauntala, wonenepa ngati kale. Dontho loyamba la tsiku limakhala lake, ngakhale tonse tsopano tikudziwa za madzi a m'mawa.

Koma msewu wathu unachepa. Agalu a kumsika amauwa okha, palibe wowayamba. Abusa amadutsa mbali yomwe akufuna. Ndipo makasitomala akale, akafika pakhomo la bala, amaima okha osadziwa, mwendo umodzi uli m'malere, kudikira dzanja loti liwagwire. Amaima choncho kamphindi, kenako amakumbukira, nkhope n'kugwa.

Apo m'pamene Make Mapasa amasiya tambula imene akutsuka, kupukuta manja pa epuloni ya malemu ija yomukulira, n'kuwerama.

"Imani kaye," amatero. "Mwanyamula mbewu za Azakhali."